Wotchi ya ku Madzi Oundana

Foster apolisi anamugwira Loweruka m'mawa ali pa ntchito, yunifolomu ili m'thupi. Uthenga unandipeza ndikubaya jakisoni mwana wa eni ake pa kiliniki yomwe ndimagwirako unesi ku Al Nahda, ndipo Mulungu andikhululukire, sindikudziwa kuti singano ija inalowa bwanji.

Foster ndi mlongo wanga, wondiponda pamutu. Ndine ndinamuitanitsa kuno ku Dubai, ndine ndinamupezera ugadi pa nyumba ina yogulitsa zinthu zakalekale ku Al Garhoud, kufupi ndi bwalo la ndege. Mwezi umenewo pamalopo ankaonetsa mawotchi a m'sitima zapamadzi, kudikira tsiku la okushoni. Imodzi mwa mawotchiwo, ati, inayenda ndi azungu oyambirira kufika kummwera kwenikweni kwa dziko, kwa madzi oundana okhaokha, zaka zoposa zana zapitazo. Imeneyo ndiyo ankati yabedwa, ndipo pamalo pake wakubayo wasiya yabodza.

Anandilola kumuona Lamulungu m'mawa, galasi lili pakati pathu. Anali atatupa maso.

"Achemwali, musavutike," anatero ndisanakhale n'komwe pansi. "Ndinatenga ndine."

"Ukuti chiyani?"

"Ndavomera. Mawa akanditengera kwa woimira boma pa milandu, ndikasayina, khalas, zatha."

"Khalas yachiyani? Iwe Foster, tandiyang'ana. Wotchiyo ili kuti?"

"Ndinagulitsa."

"Kwa ndani?"

"Kwa munthu wina ku msika wa ku Deira."

"Dzina lake? Mtundu wake? Nanga yabodzayo unaipeza kuti?"

Anayang'ana pansi. Abale inu, mwana uyu ndikumudziwa. Ali wamng'ono akaba shuga ankabwera yekha kudzanena, pakamwa pali mbuu. Kunama sakudziwa, ndipo bodza limene ankandiuza tsiku limenelo linali losasokedwa n'komwe. Koma kuno munthu ukasayina wasayina. Ndi zaka m'ndende, kenako ndege, dzina litaipa mpaka kumudzi.

"Tine ali bwanji?" anafunsa. "Mumuuze asatuluke m'nyumba. Asayerekeze kubwera kuno."

Tinenenji ndi chibwenzi chake, mtsikana wa ku Thyolo, wa ulemu mpaka kunyasa. Anabwera ndi viza ya alendo kudzasaka ntchito, ntchito osapezeka, viza n'kutha, ndipo ankabisala kwa ine. Ndinangoganiza kuti Foster akudera nkhawa za vizayo.

"Yalla, madamu," anatero wapolisi kumbuyo kwanga. "Nthawi yatha."

Ndinatuluka ndikudziwa chinthu chimodzi: ndikapanda kupeza choona dzuwa la mawa lisanakwere, mlongo wanga wapita.

*

Woyang'anira nyumba ya zakale ija ndi mayi wa ku Russia, dzina lake Anastasia, wamtali, wolankhula moduladula ngati mawu amagula. Sanandipatse mpando. Anatsegula tabuleti n'kundiyika pamaso.

"Ndinu nesi. Wamoyo ndi wakufa mumawasiyanitsa. Onani."

Chithunzi choyamba chinali cha kabokosi ka thabwa, m'kati muli wotchi yozungulira, yolendewera pa mphete ziwiri kuti sitima ikamagwedezeka iyo izikhala chilili. Mkuwa wake unali wakuda bii, mwina mobiriwira, m'makona muli zonata. Ine ndikanaiona pa msika sindikanaitola.

"Iyi ndiyo yeniyeni," anatero. "Sitima yawo inagwidwa ndi madzi oundana. Nyengo yonse yozizira. Dzuwa kulibe, miyezi. Malasha anatha. Ankawotcha mafuta a nyama za m'nyanja kuti aphike, kuti aone. Mwaye paliponse. Kumaso, m'zovala, pa wotchi. Woyendetsa sitima ankaifunditsa bulangete lake, iye n'kugona ndi chisanu. Chifukwa wotchi ikaima, simudziwanso pomwe muli pa nyanja. Mwafa nonse."

Anakulitsa chithunzicho ndi zala. Pa mkuwa paja panali timizere tating'ono, tooneka movutikira.

"Amene anatsala amoyo anakanda zilembo za mayina awo ndi singano. Apa. Anthu sagula wotchi, madamu. Amagula mwaye uwu ndi zilembo izi."

Chithunzi chachiwiri chinandithobwa m'maso. Bokosi ngati lomwelo, wotchi ngati yomweyo, koma yowala waliwali, yopanda kabanga ngakhale kamodzi.

"Zilembo palibe. Mwaye palibe. Ndiponso siyenda. Chidole."

"Nanga ilibe nambala?"

"Nambala ndi yomweyo. Nambala aliyense adinda. Ku Deira amakudindirani mukumwa tiyi."

Ndinamufunsa za Lachisanu. Anati tsiku limenelo wotchiyo anaipititsa kuchipinda cha kumbuyo kukaijambula, ndipo itatha ntchitoyo Kapambwe, katswiri wawo wa mawotchi, anaikhomera m'kabati yachitsulo momwemo. Masana a Lachisanu amatseka, anthu amapita ku mapemphero, kumatsala gadi ndi wokolopa. Kamera ya m'khonde inaonetsa Foster akulowa m'chipindamo kawiri. M'kati mwenimweni mulibe kamera. Kiyi wina wa kabati amakhala pa tebulo la gadi.

"Wokolopayo ndani?"

"Patience. Wa kwanu. Apolisi anamufunsa. Anakolopa, anatuluka chimanjamanja. Kamera ikuvomereza."

Potseka tabuleti ija chala chake chinaphonya batani kawiri. Ndipamene ndinazindikira kuti mayiyu nayenso ali ndi mantha.

"Wotchi si yanga," anatero motsitsa mawu. "Mwini wake si munthu womvera zifukwa. Akufuna wina alowe m'ndende. Mlongo wanu akapanda kulowa, ndilowa ndine."

*

Kapambwe ndinamupeza ku Al Rigga, pa lesitilanti ya Amwenye, atakhala pakona ndi tiyi wozizira. Ndi bambo wa ku Zambia, wophunzira, wa magalasi, ndipo timaonana ku tchalitchi. Atandiona anafuna kudzuka, ine n'kukhala kutsogolo kwake.

"Ba sister, pepani maningi. Foster ni mufana wabwino. Manje ine nilibe chokamba, zonse ninauza apolisi."

"Mundiuzenso ineyo. Ntchito yanu pa mawotchi aja ndi yotani?"

"Kuwapukusa chabe. Mawotchi a m'sitima safuna kulumpha tsiku, m'mawa uliwonse uyenera kuwapukusa na kiyi, pang'onopang'ono. Ija ya ku madzi oundana nenze kuikonda, ba sister. Yenze kuyenda bwino kupambana ya pa mkono wanga."

"Ndiye Loweruka munaona chiyani?"

"Ninabwela m'mawa, nalowa ku chipinda, nayatsa magetsi, niona chinthu ching'anima pa tebulo. Mutima unaima. Nati mayo, iyi ni chani?"

Ndinamusiya amwe tiyi wake kaye.

"Pa tebulo," ndinatero.

"Ee."

"A Kapambwe, Anastasia akuti Lachisanu munaikhomera m'kabati. Apolisi munawauza kuti yabodzayo munaipeza m'kabati. Tsopano mukuti pa tebulo. Ndigwire ziti?"

Thukuta linatuluka pamphumi pake, chonsecho makina oziziritsa mpweya anali pamutu pathu penipeni. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Nili na bana ku Kabwe, ba sister."

"Inenso ndili ndi mlongo m'chitokosi. Yankhulani, bambo!"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira.

"Sininakhome. Wojambula anachedwa, mukazi wanga anatuma foni ati mwana wadwala, mutu unasokonezeka. Ninaisiya pa tebulo, nati nizabwelela manje manje. Sininabwelele. Loweruka pamene ninapeza ija yong'anima, ninayopa. Ninaiika mu kabati, nakhoma, ndiye naitana madamu."

Ndinamva kupsa mtima mpaka m'makutu. Munthu wamkulu, wa tayi, kusiya mwana wa mnzake akamire kuti iye asanyowe! Koma kukalipa sikukanamutulutsa Foster, ndiye ndinameza.

"Inali bwanji pa tebulopo?"

"Ndiye chodabwitsa. Yenze pa kansalu kopinda bwino, pakati penipeni, nkhope yayang'ana ku chitseko. Monga mphatso. Elo yenze kununkhila mandimu. Mu mphete muja mwenze kunata, na tumichenga toyera."

"Munawauza apolisi zimenezi?"

"Nikakamba za tebulo nchito yasila. Ba sister, osanichula, napapata."

Ndinamusiya pomwepo. M'sitima ya metro ndinkangozunguza mutu. Wakuba wanji amene amayalira kansalu? Wakuba wanji wonunkhira mandimu?

*

Patience amakhala ku nyumba za kampani yokolopa, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, makatani a zitenje. Ndinamupeza atagona pa bedi la pansi, Baibulo pamutu. Ndi mayi wa ku Ntcheu, wa kwaya, sayamba chiganizo popanda kutchula Yehova.

"Ine anesi, Yehova ndi mboni, ndinakolopa basi. Pakhonde, muholo, kuchimbudzi. Za mawotchi ine ndi kutali."

"Kuchipinda cha kumbuyo munalowa?"

"Ndinangopukuta pansi, Ambuye akudziwa."

"Pa tebulo panali chiyani?"

"Panalibe kanthu."

Apo ndiye ndinakhala tsonga. Kapambwe anali atangondiuza kumene kuti wotchi inagona pa tebulo limenelo. Ndinamuyang'ana bwino mayiyu. Milomo youma, maso olowa. Pokoka chitenje kuti afunde, ndinaona kuseri kwa dzanja lake kuli banga lobiriwira ndi zomata za pulasitala. Zaka zonse ndagwira unesi, banga limenelo ndingalidziwe ngakhale mumdima.

Ndinagwira dzanjalo.

"Dripi iyi anakuikani liti?"

"Aa, ndi kale anesi."

"Kale liti? Bangali ndi la dzana. Dzana linali Lachisanu. Munkakolopa ku Al Garhoud dripi ili pa mkono?"

Anayamba kulira mosatulutsa mawu, kuopa anzake a mabedi a pamwamba. Kenako zinatuluka zonse. Anatsegula m'mimba kuyambira Lachinayi, Lachisanu miyendo inakana. Ndipo kampani yawo munthu ukadwaladwala amakulemba pa gulu la obwerera kumudzi. Tsono amayi a kwathu kuno ali ndi kachitidwe kawo: wodwala amapereka yunifolomu, mpango ndi masiki kwa mnzake amene alibe ntchito, iye n'kukagwira tsikulo ngati ganyu. Mabwana sayang'ana nkhope ya wokolopa. Akaona yunifolomu ndi mopu, aona Patience.

"Timathandizana, anesi. Si kuba. Foster yemwe amadziwa, ndiye anamutsegulira."

"Anamutsegulira ndani?"

Anatembenukira kukhoma.

"Patience, mlongo wanga akusayina mawa. Ndani anavala yunifolomu yanu?"

"Mukafunse kwanu konko," anatero. "Amene mumadya naye."

*

Msewu wopita ku Al Nahda madzulo ndi chilango, magalimoto a ku Sharjah atathithikana mpaka kuima. Ndinakhala m'takisi ndikupemphera kuti ndikhale nditamva molakwa.

Nditatsegula chitseko ndinamva kaphokoso kuchokera kukhitchini: kwe, kwe, kwe. Tinenenji anali atagwada pansi, poto wanga wa tiyi ali pakati pa miyendo. Pambali pake panali mbale ya mchere, mandimu odula pakati ndi kawaya kokwechera. Kuyambira pomwe Foster anagwidwa mtsikanayu sanadye, ankangolira ndi kukwecha chilichonse chimene wachipeza.

"Alamu, mwabwera? Mwamuona? Akumupatsa chakudya?"

"Tine, Lachisanu masana unali kuti?"

Kawaya kaja kanagwa m'manja.

"Anati ndisanene," ananong'ona. "Anati ndikanena andigwira za viza."

"Wotchi ija unaiona?"

"Ndinaiona, alamu, koma sindinabe! Ndikulumbira pali amayi anga. Ndinaisiya pa tebulo pomwepo. Amene anaba anabwera ine nditachoka."

"Unaigwira?"

"Ndinangoitsuka."

Ndinatsamira furiji.

"Unaitsuka bwanji?"

"Mmene timachitira. Inali yakuda, alamu, ngati poto wa pa maliro. Ndinati anthu awa ndi olemera koma uve, chinthu chokongola chonchi osachisamala. Kukhitchini kwawo kunali mandimu a tiyi ndi mchere, kawaya ndinali nako m'thumba. Inandivuta, mwaye wake unali wokakamira, koma ndinalimbana nayo mpaka inayera. Munalinso timikwingwirima, ndinatisalaza tonse." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndimati bwana akaona afunse kuti wagwira ndani, mwina n'kundilemba ntchito. Ndinajambula ndi foni, taonani."

Zithunzi zinali zitatu. Choyamba, wotchi yakuda, yomweyo ya pa tabuleti ya Anastasia. Chachiwiri, theka lakuda theka lowala, ndimu lofinya lili pambali, ndipo ku mbali yakudayo timizere ta singano tija tikuoneka. Chachitatu, yowala waliwali pa kansalu kopinda, Foster ataima kumbuyo kwake akumwetulira, chala chachikulu m'mwamba.

"Ndinamuitana adzaone. Anati, 'Tine, uli ndi manja.'"

Ndinafuna kumumenya mbama, ndinafunanso kumukumbatira. Mayi wake anamulera bwino mwana uyu, anamuphunzitsa kuti mkazi sasiya chiwiya chakuda, ndipo chimenecho ndicho chinatipha. Ndinakhala naye pansi pomwepo n'kumufotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene timauzira wodwala zotsatira zoipa. Kuti palibe amene anaba. Kuti mwaye uja ndi timikwingwirima tija ndizo zinali wotchiyo, ndipo mwina madzi a mandimu ndiwo anaiimitsa kuyenda. Kuti Foster anazindikira Loweruka, apolisi atayamba kunena zoyeza zidindo za zala, ndipo anasankha kutchedwa mbala kuti asafike kwa iye.

Anakankhira poto uja pambali.

"Ndiye akulowa m'ndende chifukwa ndinatsuka?"

"Eya."

"Ndikapita ndi zithunzizi amutulutsa?"

"Mlandu wakuba utha. Ntchito ndiye yamuthera, poti anakulowetsa, koma sakakhala zaka."

"Nanga ine?"

Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti akamugwira pa zitatu: viza, ganyu ndi wotchi. Kuti akamusunga, sindikudziwa mpaka liti, kenako akamukweza ndege ndipo sadzapondanso kuno. Kuti Patience ndi Kapambwe nawo madzi awafika m'khosi. Zonsezi ndinkauza mwana woti wapolisi amangomuonera patali n'kuwoloka msewu.

Ndikanatha kunena kuti dikira, tifunse loya, tiganize kaye. Sindinanene. Ndinkafuna mlongo wanga.

Anadzuka, kusamba m'manja, n'kuyamba kupinda zovala zake m'jumbo.

*

Lolemba tinafika ku polisi zitseko zikungotsegulidwa. Wofufuza mlanduwo, Mwarabu wa imvi m'ndevu, anatimvera kudzera mwa ine, poti Chingerezi cha Tinenenji chinathawa ndi mantha. Anatenga foni ija, kuyang'ana chithunzi chachiwiri, kuchikulitsa, kubwerera ku choyamba, kupitanso ku chachiwiri. Anagwira dzanja la mtsikanayo n'kuona zikhadabo. M'mbali mwake munali mudakali mobiriwira.

"Ndimu," anatero. "Ndi mchere."

"Eya bwana."

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Kenako anaimbira Anastasia, ndipo kukuwa kwa mayi uja tinakumva tonse ngakhale foni inali pa khutu la wina.

"Mlongo wanu si mbala," anandiuza atatha. "Ndi chitsiru, koma si mbala. Atuluka sabata ino, inshallah. Uyu atsala."

Wapolisi wamkazi anabwera, n'kumukhazika Tinenenji pa benchi ya m'khonde, jumbo yake ili pamiyendo. Sanalire. Ankangondiyang'ana ngati ndimuuza chochita, ine ndilibe.

Nthawi yomweyo chitseko cha kumapeto chinatseguka. Ankamutulutsa Foster kuti apite kukasayina, uthenga usanawafike a kuchitokosi. Anayenda pang'ono, maunyolo ali m'manja, n'kuima. Anaona jumbo ija, anaona dzanja la wapolisi pa phewa la Tinenenji.

"Foster," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe, "zatha. Sukusayinanso. Ukutuluka."

Sanasangalale. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo chibadwire chake.

"Achemwali," anatero, "anakutumani ndani?"

Anatuluka Lachinayi. Ndinakamudikira pa geti ndi zovala zoti asinthe, koma anangondidutsa n'kukakwera basi, ndipo mpaka lero sanandiyankhulenso.